Nasimbi Apita Kukafuna Tchimo la Mwamuna Wake

Pali mapemphero ena amene munthu sangawatchule mokweza, ngakhale atadzitsekera yekha m'chipinda. La Nasimbi linali lotere. Kwa miyezi itatu anakhala akupempha Mulungu kuti mwamuna wake apezeke ndi mkazi wina.

Dzina loti Nasimbi anamupatsa ndi anzake a kuntchito, kochapira zovala kumene ankasita kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Simbi yake inali yolemera, ya chingwe chokulungakulunga ndi tepi, ndipo wina akangoigwira unkakhala mlandu. Ankasita mabedishiti a m'mahotela, mayunifolomu a ophika ndi masuti a mabwana, moti anafika powerenga zovala monga ena amawerengera nyuzi. Akangoona kolala ankadziwa ngati mwini wake ali ndi womusamala kunyumba kapena ayi. Koma za mwamuna wake weniweni sankadziwa ngakhale kumene amagona.

Mwamunayo, wodula magalasi, anachoka zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Sanamumenye, sanamutukwane, ngakhale chitseko sanamenyetse. Nasimbi anangoweruka tsiku lina n'kupeza chikwama cha zida palibe, jekete palibe, pa tebulo pali kapepala koti, "Musandidikire." Anthu anati chifukwa chake n'chosachita kufunsa. Banja la zaka zisanu ndi chimodzi lopanda mwana, ndi mwamuna uti angapirire? Alamu ake anali atamuimbira kale nyimbo imeneyo mpaka makutu kuwawa, ndipo nayenso anakhulupirira kuti wolephera ndi iye. Anasenza manyaziwo n'kumapita nawo kutchalitchi Lamulungu lililonse, kukhala pa benchi lomwelo, kulandira Mgonero, kubwerera kunyumba kukaphika za munthu mmodzi.

Kenako kunabwera Adalaivala. Anali bambo wamasiye wa ana aakazi awiri, amene ankabweretsa mitolo ya nsalu za m'mahotela Lolemba ndi Lachinayi. Poyamba ankangotsitsa katundu n'kumapita. Kenako anayamba kupeza zifukwa: mwina injini izizire kaye, mwina awerengenso mapilo. Tsiku lina anapeza Nasimbi akulimbana yekha ndi bedishiti lalikulu, anagwira ngodya ziwiri osapemphedwa. Amene anapindapo bedishiti akudziwa kuti ntchitoyi ndi ya anthu awiri. Mumaima patali, kukoka, kukutumula, kenako mumayenda moyandikirana mpaka zala zikumane. Mabedishiti ankabwera makumi anayi pa ulendo, ndipo Adalaivala sanadandaulepo za msana ngakhale tsiku limodzi.

"Anasimbi," anatero tsiku lina zala zitakumana, osataya ngodya zake. "Ine si mnyamata, mawu okometsera ndilibe. Kunyumba kwanga kuli mpando wopanda munthu. Ana anga akudziwa, ndipo sakukana."

Nasimbi anamva kutentha kumaso kuposa kwa nthunzi. Anali atayiwala kuti mtima nawo umamva njala. Kuyambira tsiku limenelo ankati akamva kulira kwa galimoto panja, ankaiwala simbi pa nsalu, mpaka anawaulako shati ya munthu kwa nthawi yoyamba pa moyo wake. Ankawafuna bambowo, ndipo ankafuna nyumba ija ya phokoso la atsikana okanganirana chipeso. Koma onse awiri anali anthu a mpingo. Zongolowana sankazifuna, ankafuna kuima kutsogolo, abusa awadalitse, Lamulungu lotsatira alandire Mgonero maso ali gwa.

Choncho Nasimbi anapita ku ofesi ya abusa, kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi konunkha mabuku akale. Abusawo sanali munthu wouma mtima. Anamvetsera mpaka pamapeto, anavula magalasi, n'kupukuta thukuta.

"Mayi, ndikuuzeni mosabisa," anatero. "Monga timaphunzitsira pano, ukwati uli ndi makomo awiri okha otulukira, kupatula la kumanda. Loyamba ndi pamene mnzako wachita chigololo. Lachiwiri ndi pamene mnzako ndi wosakhulupirira, ndipo wachoka yekha chifukwa sakufuna kukhala nawe. Zikatero wosiyidwayo ndi mfulu."

"Ndiye ine ndi wosiyidwa, abusa. Zaka khumi ndi chimodzi."

"Inde, koma wokusiyaniyo ndi wotani? Ilipo mipingo imene imati wothawa banja amuyese wosakhulupirira basi. Ife malamulo athu sanafike pamenepo."

Anaitana mlembi wa mpingo, amene anafukula fayilo yafumbi m'kabati. Munapezeka kuti zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, mpingo wina wa mumzinda wakutali unaitanitsa kalata ya umembala ya wodula magalasi uja, ndipo inatumizidwa. Palibe anaganiza zouza mkazi wake. Mlembiyo ananena zimenezi mosangalala ngati wapeza ndalama m'thumba la jekete lakale.

"Ndiye kuti ndi Mkhristu ndithu," anatero abusa motsitsa mawu. "Khomo lachiwiri latsekeka. Latsala loyamba, koma pafunika umboni. Sitingathetse banja chifukwa cha mwina."

Apa ndi pamene pemphero lija linayambira. Nasimbi ankadziwa kuti ndi pemphero lochititsa manyazi, koma ankadzitonthoza kuti sakupempha tchimo latsopano, akungopempha kuti lakale lioneke. Ndi mwamuna uti angathawe mkazi wosabereka n'kukakhala zaka zonsezo akuwerenga malata a denga? Adalaivala anadzipereka kuti akafufuze okha, koma iye anakana. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Anapempha tchuti cha masiku awiri, anasita diresi lake labwino, n'kukwera basi ya m'mamawa.

Anafika dzuwa lili paliwombo. Kutchalitchi kuja anamulozera shopu ya magalasi, ndipo kushopuko, pakati pa magalasi otsamiritsidwa kukhoma ndi tizidutswa tolira pansi pa nsapato, anamuuza kuti munthuyo wapita kukaika mawindo, koma masana amadyera kwawo. Nasimbi anakondwa. Sankafuna kuyamba kuona munthu, ankafuna kuyamba kuona chingwe choyanikira zovala. Munthu amanama, koma chingwe sichidziwa kunama.

Nyumbayo inali kachipinda ka kuseri kwa nyumba yaikulu. Chingwe chinali pomwepo, kuchokera pa mtengo kufika pa msomali wa pakhoma. Nasimbi anaima n'kuwerenga. Mashati atatu, mabuluku awiri, masokosi, thaulo limodzi. Anawerenganso kuchokera mbali inayo ngati kuti chiwerengero chisintha. Panalibe pitikoti, panalibe thewera, panalibe ngakhale kampango. Mashatiwo anali opanidwa m'mapewa, osakutumula, mmene amayanikira mwamuna wodzichapira yekha.

"Mukufuna ndani, mayi?" Anali alandilodi, mayi wachikulire wonenepa, atanyamula beseni.

"Bambo a magalasi. Kaya mayi a kunyumba alipo?"

Alandilodi anaseka mpaka kutula beseni. "Mayi a kunyumba? Ameneyo? Mwasokera, mwanawe. Zaka zisanu ndi zitatu ali pano, siketi sinadutsepo pakhomo apo, kupatula yanga pokatenga tsache. Atsikana a kwaya ayesa, amasiye ayesa, ine ndemwe ndinamubweretsera mwana wa mchemwali wanga, munthu wooneka bwino. Iye amangoti, 'Ndili ndi mkazi.' Kuntchito, kutchalitchi, kunyumba, basi. Ana a Sande sukulu amawaphunzitsa ndi iye. Amuna onse akanakhala choncho, bwenzi ife tisanakalambe msanga."

Mawu aliwonse oyamikira ankamupsereza Nasimbi ngati simbi yoiwalidwa pa nsalu. Ndi mkazi uti anakwiyapo pomva kuti mwamuna wake ndi wokhulupirika? Iye anakwiya, ndipo anachita manyazi ndi mkwiyowo.

Posakhalitsa geti linalira. Analowa bambo wowonda, wa imvi m'mbali mwa mutu, zala zili ndi timabala ta magalasi monga kale. Buluku lake linali ndi mizere iwiri pa mwendo uliwonse. Atamuona Nasimbi anaima chilili, buledi amene ananyamula n'kutsala pang'ono kugwa.

"Mayi," anatero.

M'chipindamo munali bedi laling'ono, mpando umodzi, mbale imodzi ndi kapu imodzi, moti kuti amwe tiyi anachita kukabwereka kapu kwa alandilodi. Nasimbi anakhala pampando, mwamunayo m'mphepete mwa bedi.

"Ana ali bwanji?" anafunsa mwamunayo, maso ali pansi.

"Ana ati?"

"Anu. Ndimaganiza kuti pano alipo atatu, mwina anayi. Woyambayo ndimamuwerengera kuti ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndimawapempherera tsiku lililonse, kungoti maina sindiwadziwa."

Nasimbi anaika kapu pansi. "Abambo, mukundiseka? Ana ndikanawatenga kuti, ine wosabereka uja munamuthawa? Ndipo ndikanabereka ndi ndani, ndili mkazi wanu?"

Mwamunayo anadzutsa mutu, nkhope itasintha ngati wamva uthenga wa maliro. "Simunakwatiwe?"

"Ndikwatiwe bwanji?"

Pamenepo ndi pamene zonse zinatuluka, pang'onopang'ono. Mwezi umene anachokawo anali atapita yekha kuchipatala mwakabisira. Dokotala anamuuza kuti vuto linali mwa iye, ndipo linali losachizika. Anabwerera kunyumba n'kupeza alongo ake akumunyogodola Nasimbi pakhonde, mkaziyo osayankha, akungomusitira shati yake ya Lamulungu. Kunena zoona anachita mantha, kukhala chete anachita manyazi. Ndiye anaganiza yekha, ndi nzeru zake za pa yekha, kuti akachoka mkaziyo adzamasuka, adzapeza mwamuna wina, adzabereka, ndipo pakamwa pa anthu padzatsekeka pokha. Iye mwini anasankha kudzisunga, poti lumbiro analumbira pamaso pa Mulungu.

"Ndinati ndikupatseni moyo wanu," anatero. "Ndimayesa munthu akasowa zaka zingapo, ampingo amangomasula."

Nasimbi anaimirira. Sanakuwepo chiyambire, koma tsiku limenelo alandilodi anamva zonse osachita kutchera khutu.

"Munandifunsa? Mutu umodzi susenza denga, inu munasenza lanu ndi langa lomwe! Ine ndinakuuzani kuti ndinakwatiwa ndi ana? Ndinakwatiwa ndi inu! Mukananena, tikanalira limodzi usiku umodzi, m'mawa n'kumwa tiyi. Ndikanakhala, abambo. Ndikanakhala mpaka imvi zimenezi ndiziwerenge ndine. Zaka khumi ndi chimodzi ndayenda mutu uli pansi pa mlandu umene si wanga. Ndiye mwati munandimasula? Mukanapita kumowa, mukanatenga mkazi, mukanasiya kupemphera, bwenzi ndili mfulu kalekale. Koma ayi, inu munasankha kukhala woyera, ndipo kuyera kwanuko ndi kumene kwandimanga!"

Anamufotokozera za makomo awiri aja, ndipo poti zinthu zinali zitafika kale poyera, anamuuzanso za Adalaivala. Mwamunayo anamvetsera manja ali pamutu.

"Ndi munthu wabwino?" anafunsa.

"Ndi wabwino."

"Ali ndi ana?"

"Awiri. Aakazi."

Anagwedeza mutu. Kenako anasolola kope pansi pa pilo, anang'amba tsamba, n'kuyamba kulemba atatsamiritsa pa bondo. Nasimbi sanathe kungokhala n'kumayang'ana. Anatenga kasimbi kopepuka kamene kanali pawindo, anakatenga buluku limodzi pachingwe, anayala bulangete pansi, n'kuyamba kuchotsa mizere iwiri ija kuti patsale umodzi wowongoka. Misozi inkagwera pa nsaluyo n'kumati tsii. Ankalirira zaka zimene akanakhala akusita mabuluku amenewa, zaka zimene sizikanabweranso ngakhale atakhululuka chotani. Nasimbi anamukondapo kwambiri munthuyu, ndipo chisoni chinalipo chodzaza mtima, koma atafufuza m'katimo anapeza kuti pa malo aja panalowa wina.

Mwamunayo anamupatsa pepalalo. Linali lopita kwa abusa ndi akulu a mpingo. Linkati iye, mwamuna wa mayi uyu, akuvomera kuti anachimwa ndi mkazi wina atachoka pakhomo, ndipo akupempha kuti mkazi wake amasulidwe. Pansi anasaina.

"Koma ili ndi bodza," anatero Nasimbi.

"Ndi langa, si lanu. Inu mungopereka."

"Adzalembera mpingo wanu kuno. Adzakuimitsani Mgonero. Adzakulandani ana a Sande sukulu aja."

"Ndikudziwa. Ndinakuberani zaka khumi ndi chimodzi, mayi. Chobweza china ndilibe."

Nasimbi anapinda pepalalo kanayi n'kuliika m'chikwama. Asaname munthu, analitenga ndi manja awiri, ndipo m'basi pobwerera analisisita ngati mwana. Ankadziona atavala zoyera, ankadziona akuluka tsitsi la atsikana aja pakhonde, ankamva kale galimoto ikuima panja madzulo, osati kudzatsitsa mitolo koma kudzafika kwawo. Ankadziuza kuti munthuyo wadzipereka yekha, ndiponso ngolakwa ndithu, kungoti tchimo lake lenileni lilibe khomo m'malamulo.

Akulu a mpingo anakumana Loweruka masana. Adalaivala anamuperekeza pa galimoto n'kutsala panja pansi pa mtengo, atavala shati yatsopano. Za ulendo uja sanamufunse m'njira. M'kati munali abusa, mlembi ndi akulu anayi atazungulira tebulo. Atapemphera, mlembi anatsegula buku lake n'kuchotsa chivindikiro cha cholembera.

"Mayi, mwayenda," anatero abusa. "Tiuzeni zimene mwapeza. Ngati pali umboni, tiulandira lero lomwe, ndipo alembi alembera mpingo wa kumeneko kuti nawo achite mbali yawo."

Nasimbi analowetsa dzanja m'chikwama. Pepala lija linali pomwepo, lofunda. Kungolitulutsa basi, osanena ngakhale liwu limodzi. Pawindo ankaona denga la galimoto ndi chipewa cha Adalaivala chikuyendayenda, ndipo sanafunepo chinthu pa moyo wake monga ankafunira bambo ameneyo pa mphindi imeneyo.

Koma anaonanso zina. Anaona munthu wowonda uja akulowa m'tchalitchi, anthu akugundana zigongono, alandilodi akutembenuza nkhope, makolo akukoka ana awo. Kayendedwe ka mutu uli pansi pa mlandu umene sunapalamule ankakadziwa bwino, phazi lililonse. Anakayenda zaka khumi ndi chimodzi, ndipo anapeza kuti sangathe kukapatsira munthu wina, ngakhale amene anamupatsa iyeyo. Sikuti anali woyera kuposa ena. Dzanja lokha ndi limene linakana kutuluka ndi pepalalo.

"Ndamupeza," anatero. "Amakhala yekha. Mkazi alibe, ndipo sanakhalepo naye. Amaphunzitsa ana Mawu a Mulungu."

"Ambuye alemekezeke!" anafuula mkulu wina akuwomba m'manja. "Ndiye kuti banja lidakalipo! Mwaona, abale, kuona maso a nkhono n'kudekha." Anzake anavomereza mokondwa, wina n'kuyamba kale kukonza zoti atumize anthu akamutenge mwamunayo. Mlembi analemba mwachangu. Abusa okha ndi amene sanaseke. Anamuyang'ana Nasimbi nthawi yaitali, kenako anayang'ana chikwama chimene anachifumbata pachifuwa.

"Palibe china chimene mukufuna kutionetsa, mayi?"

"Palibe, abusa."

"Ndiye mukudziwa kuti ife manja athu ndi omangika."

"Ndikudziwa."

Anatuluka akulu aja akuyambitsa nyimbo yothokoza. Panja dzuwa linali lowala mopanda chisoni. Adalaivala anabwera mofulumira, koma atamva nyimboyo n'kuona nkhope yake, anachepetsa liwiro.

"Zatha bwanji, Anasimbi? Munakapeza chiyani kumene kuja?"

Nasimbi anayesa kumwetulira koma milomo inakana. "Mwamuna wanga ndi munthu wabwino," anatero.

Adalaivala anavula chipewa n'kuchigwira ndi manja awiri, mmene anthu amachitira akafika pa nyumba ya maliro.

"Pepani, Anasimbi," anatero. "Pepani kwambiri."

Mwachizolowezi anatsegula chitseko cha galimoto kuti amuperekeze. Onse awiri anangochiyang'ana chitsekocho, poti tsopano zinali zitalembedwa m'buku kuti iye ndi mkazi wa mwini. Nasimbi anakonza lamba wa chikwama paphewa n'kuyamba kuyenda wapansi. Anayenda pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo, ndipo mpaka anakhota pa mphambano asanamve chitseko chija chikutsekedwa.